Augustine wa ku Hippo, Munthu Amene Anacedwa Kufika pa Madzi a Ubatizo

Pa tsiku la 28 Ogasiti Akristu a maiko ambiri amakumbukira Augustine, bishopu wa ku Hippo, amene anamwalira pa tsikulo m'caka ca 430. Munthuyu anali mbadwa ya Africa, ndipo mwa aphunzitsi onse amene Mulungu anapatsa Mpingo wace atatha masiku a Atumwi, ngowerengeka amene ciphunzitso cao cinafika kutali monga cace. Mbiri ya moyo wace yamangika pa nkhani ya ubatizo. Anaupempha ali mwana, koma sanaulandira. Anauseka ali mnyamata. Anaulandira ali wa zaka 32. Ndipo zaka 43 zimene anakhala ndi moyo pambuyo pace anazitha alikufotokozera anthu tanthauzo lace.

KUBADWA NDI UBWANA WACE

Augustine anabadwa pa 13 Novembala m'caka ca 354 m'mudzi wa Thagaste, m'dziko la Numidia, kumpoto kwa Africa. Mudziwo lero uchedwa Souk Ahras, ndipo uli m'dziko la Algeria. Masiku amenewo dziko lonselo linali pansi pa ufumu wa Aroma. Atate wace, dzina lao Patricius, anali ndi minda pang'ono, nakhala mmodzi wa aphungu a mudziwo, koma anali akunja ndi opsa mtima msanga. Amace, dzina lao Monica, anali Mkristu wopemphera kuyambira ubwana wao.

Mwanayo atabadwa, anamlemba cizindikiro ca mtanda ndi kumlawitsa mcere, monga unali mwambo wa mipingo ya dziko lija polandira munthu m'gulu la ophunzira, amene lero achedwa a m'kalasi. Koma sanambatiza. Pa nthawi ija makolo ambiri anaopa kubatiza ana ao, pakuti anaganiza kuti cimo locita munthu atabatizidwa liri lolemera koposa cimo locita asanabatizidwe. Cifukwa cace anayesa nzeru kuti mnyamata ayambe watha zaunyamata zace, nadzasambitsidwe atakhazikika mtima. Ena anazengereza kufikira tsiku la imfa. Ngakhale Constantine, Kaisara woyamba wa Aroma amene anabvomereza Kristu, anabatizidwa ali pafupi kufa, m'caka ca 337.

Tsiku lina, akali mwana, Augustine anagwidwa ndi nthenda ya m'mimba, nayandikira imfa. Pamenepo anapempha amace ndi mtima wonse kuti abatizidwe, ndipo amace anafulumira kukonza zonse. Koma zisanatheke izi mwanayo anacira, ndipo ubatizo unaikidwanso kutsogolo. Atakula iye anadandaula cifukwa ca kucedwetsa kumeneku. M'buku lace lochedwa Confessions, ndiko kunena Zibvomerezo, anaonetsa kupusa kwa anthu amene amalekerera munthu acite zimene afuna popeza sanabatizidwe, cinkana palibe mmodzi amene amalekerera wodwala aonjeze mabala pathupi pace popeza sanacire. Akuru akale a kuno anaona comweco pamene anati kuongola mtengo mpoyamba.

MNYAMATA WOSOCERA

Popeza mwanayo anali wanzeru, atate wace anamtumiza ku sukulu ya ku Madaura. Pambuyo pace, ndi thandizo la munthu wacuma dzina lace Romanianus, anamuka ku Carthage, mzinda waukuru wa dziko lija, kukaphunzira luso la kulankhula pabwalo ndi kunena mirandu. Pa nyengo yomweyo Patricius anamwalira, atabatizidwa kumapeto kwa moyo wao cifukwa ca kupirira ndi mapemphero a mkazi wao.

Ku Carthage mnyamatayo anatenga mkazi wosamkwatira monga mwa lamulo, nakhala naye zaka zoposa 10. Mkaziyo anambalira mwana wamwamuna, namucha Adeodatus, ndiko kunena Wopatsidwa ndi Mulungu. M'caka ca 373 anawerenga buku la Cicero lochedwa Hortensius, limene linautsa mumtima mwace njala ya nzeru yeniyeni. Anatsegula Malembo Opatulika, koma kunyada kwa maphunziro ace kunamcititsa kuwayesa mau a anthu osaphunzira, nawaika pansi. Pamenepo anadziphatika kwa otsata Mani wa ku Persia, amene anaphunzitsa kuti kuli maufumu awiri osatha, wa kuunika ndi wa mdima, ndi kuti munthu akacimwa, wocimwayo ndi mdima wokhala mwa iye. Anthu amenewa anakana ubatizo wa madzi, nati ulibe nchito pa cipulumutso. Augustine anakhala nao zaka 9, nakopa abwenzi ace ambiri. Monica anamlirira usana ndi usiku, kufikira bishopu wina, atatopa ndi kudandaula kwao, anawatonthoza kuti mwana womlirira misozi yotere sangathe kutayika.

Atabwerera ku Thagaste kukaphunzitsa, anakondana kwambiri ndi mnzace amene adasewera naye paubwana, namcotsa pa cikhulupiriro ca Kristu. Mnzaceyo anadwala malungo akuru, nagona wosadziwa kanthu, ndipo poona kuti alinkufa, anambatiza ali cikomokere. Augustine anayesa kuti cinthu cocitidwa pa thupi la munthu wokomoka sicingafafanize zimene iye adamphunzitsa. Wodwalayo atatsitsimuka, Augustine anayamba kuseka ubatizowo, poyembekeza kuti aseka pamodzi. Koma mnzace anamyang'ana monga mdani, namcenjeza kuti akafuna kukhalabe bwenzi lace aleke kulankhula zotere. Augustine anazizwa, natonthola, nalinga kudzamtsutsa akapeza mphamvu. Patapita masiku owerengeka malungo anabweranso, iye ali kwina, ndipo mnyamatayo anamwalira. Cisoni cinamkulira kotero kuti sanathe kukhalanso m'mudzi wakwao, nabwerera ku Carthage.

KU ROMA NDI KU MILAN

M'caka ca 383 anatsimikiza mtima kumuka ku Roma, pakuti ophunzira a ku Carthage anali osamvera. Amace anamtsata kufikira kudooko kuti amletse, koma iye anawanyenga kuti alikuperekeza bwenzi lace, ndipo ngalawa inacoka iwo atatsala m'nyumba yopemphereramo ya cikumbutso ca Cyprian. Atafika ku Roma anadwala malungo, nafikanso pakhomo pa imfa. Ulendo uno sanapempha ubatizo konse. Ndipo pokumbukira izi pambuyo pace anabvomereza kuti paubwana wace anali wabwino koposa umo analiri atakhala mphunzitsi.

M'caka ca 384 Symmachus, kazembe wa mzinda wa Roma, anamsankha akhale mphunzitsi wa kulankhula ku Milan, kumene kunali bwalo la Kaisara. Bishopu wa kumeneko anali Ambrose. Iyenso adacedwa kubatizidwa, pakuti m'caka ca 374, pamene anthu anampfuulira kuti akhale bishopu wao, anali kazembe wa boma wosabatizidwa, ndipo anabatizidwa naikidwa bishopu m'kati mwa masiku 8. Augustine anapita kukamva maulaliki ace pofuna kuyesa luso la malankhulidwe okha, koma pamodzi ndi kukoma kwa mau coonadi cinalowanso. Anaona kuti Cipangano Cakale cimene adacinyoza ciri ndi tanthauzo lakuya, nasiya otsata Mani, nakhalanso wa m'kalasi monga analiri paubwana.

Monica anaoloka nyanja namtsata ku Milan, nampezera mtsikana woti amkwatire, poyembekeza kuti akakwatira adzabatizidwa. Cifukwa ca cikwati cimeneci mkazi uja adakhala naye zaka zambiri anabwezedwa ku Africa, nasiya mwana wace, atawinda kwa Mulungu kuti sadzadziwanso mwamuna wina. Kulekana kumeneku kunasiya bala lalikuru mumtima mwa Augustine. Koma popeza mtsikana wotomeredwayo anatsala zaka 2 kuti akule, iye sanapirira, natenga mkazi wina. Motero anadziwa coonadi m'mutu mwace, koma cilakolako ca thupi ndi cikondi ca ulemu zinammanga miyendo.

CITSANZO CA VICTORINUS

M'caka ca 386 anamuka kukafunsa nzeru kwa nkhalamba ina ya Mpingo, dzina lace Simplicianus, amene Ambrose anamyesa atate wace mwa Kristu. Nkhalambayo inamfotokozera mbiri ya Victorinus, mbadwa ya Africa, mphunzitsi wochuka kotero kuti Aroma adaimika cifanizo cace pabwalo la mzinda wao. Victorinus atakalamba anawerenga Malembo nakhulupirira, ndipo anali kunong'oneza Simplicianus kuti iye ali Mkristu kale. Simplicianus anakana kubvomereza kufikira atamuona m'nyumba ya Mulungu, ndipo winayo anali kuseka ndi kufunsa ngati makoma ndiwo asandutsa munthu Mkristu. Coona cace ncakuti anaopa abwenzi ace omveka opembedza mafano. Koma potsiriza anacita mantha kuti Kristu angadzamkane pamaso pa angelo, nalembetsa dzina lace kuti abatizidwe. Abusa anamlola anene cibvomerezo cace m'tseri, monga anacitira anthu amanyazi, koma iye anakwera pamalo oonekera nabvomereza Kristu pamaso pa msonkhano wonse.

Nkhani imeneyi inalasa Augustine mumtima, pakuti nayenso anali mphunzitsi wa nchito yomweyo, wokhulupirira m'tseri. Posapita nthawi kunadza mlendo wa ku Africa, dzina lace Ponticianus, namuuza za Antony wa ku Aigupto, ndi za anthu awiri a nchito ya Kaisara amene anasiya zonse tsiku limodzi natsata Kristu. Mlendoyo atacoka, Augustine anaturukira kumunda wa panyumba, nadzigwetsa patsinde pa mkuyu, nalira misozi. Pamenepo anamva mau onga a mwana ocokera ku nyumba yoyandikana, obwerezabwereza kuti atenge nawerenge. Anabwerera pamene adasiya buku la makalata a Paulo, nalitsegula, ndipo maso ace anagwa pa Aroma 13:13, 14, pamene Mtumwi aletsa madyerero, kuledzera, dama ndi ndeu, naitana okhulupirira abvale Kristu. Sanawerenga zina. Kukayika kwace kunatha pomwepo, ndipo iye ndi bwenzi lace Alypius analowa m'nyumba kukauza Monica.

USIKU WA UBATIZO

Pofika nyengo ya kukolola mphesa anatula pansi nchito yace, pakuti cifuwa cinalikumbvutanso, napita ndi amace, mwana wace ndi abwenzi ace ku munda wa Verecundus ku Cassiciacum, kumene anatha miyezi ingapo m'kupemphera, kuwerenga Masalmo ndi kukambirana. Kuciyambi kwa caka ca 387 anabwerera ku Milan kukalembetsa dzina lace, pamodzi ndi Alypius ndi Adeodatus, amene anali wa zaka ngati 15. Mphunzitsi amene adalankhulapo pamaso pa Kaisara anakhala pansi pamodzi ndi anthu wamba masabata onse a kusala kudya, naloweza mau a Cikhulupiriro pamtima.

Mwambo umene Ambrose anatsata udziwika bwino, popeza unalembedwa m'mabuku ace. Usiku wotsogolera tsiku la kuuka kwa Ambuye obatizidwa analowa m'nyumba yapadera ya mbali 8, m'mene munali thamanda la madzi. Poyamba anakana Satana ndi nchito zace, ndi dziko lapansi ndi zokondweretsa zace. Atatero anatsikira m'madzi mmodzi mmodzi, nafunsidwa katatu, ngati akhulupirira Atate, ngati akhulupirira Yesu Kristu ndi mtanda wace, ngati akhulupirira Mzimu Woyera. Ndipo pa kuyankha kuli konse anamizidwa. Ambrose anaphunzitsa kuti thamandalo lifanana ndi manda, pakuti monga Paulo aonetsa pa Aroma 6, wobatizidwa agawana ndi Kristu imfa yace kuti agawanenso naye moyo watsopano. Ataturuka m'madzi anadzozedwa mafuta pamutu, nasambitsidwa mapazi, nabvekedwa zobvala zoyera, nalowa mu msonkhano kukalandira Mgonero wa Ambuye nthawi yoyamba.

Momwemo anabatizidwa Augustine, ndi mwana wace, ndi bwenzi lace, usiku wa pa 24 kucera pa 25 Epulo m'caka ca 387. M'buku lace sanacurukitsa mau pa za usikuwo; anangosimba kuti nkhawa ya moyo wao wakale inawacokera, ndi kuti masiku otsatira analira misozi yokoma pakumva nyimbo za Mpingo. Maziko a nyumba ija ndi thamanda lace zinafukulidwa, ndipo zioneka pansi pa kacisi wamkuru wa ku Milan.

Caka comweco, ali pa ulendo wobwerera kwao, Monica anadwala ku Ostia, dooko la Roma, namwalira m'caka ca 56 ca moyo wao. Asanadwale adauza mwana wao kuti cinthu cimodzi cimene anafunira kukhalabe ndi moyo, ndico kumuona ali Mkristu, Mulungu adawapatsa mosefukira. Adeodatus nayenso anamwalira akali mnyamata, atafika ku Africa.

MBUSA WA KU HIPPO

Augustine anafika ku Thagaste m'caka ca 388, natula cuma cimene atate wace adamsiyira, nakhala ndi abale pang'ono m'kupemphera ndi kuphunzira. M'caka ca 391 anaceza ku Hippo, mzinda wa m'mbali mwa nyanja umene lero uchedwa Annaba. Bishopu Valerius, amene anali wokalamba, anauza msonkhano kuti asowa womthandiza, ndipo anthu anagwira Augustine namka naye kutsogolo, iye alikulira, naikidwa manja akhale mbusa. M'caka ca 395 anakhala bishopu, natumikira mzindawo kufikira imfa yace.

Caka ndi caka anakonzera anthu ubatizo, olemera ndi osauka, mfulu ndi akapolo. Analemberanso mtumiki wina wa ku Carthage, dzina lace Deogratias, kabuku ka maphunzitsidwe a oyamba kumene, m'mene analangiza kuti mphunzitsi afunse cimene cadzetsa munthu, akhale wokondwa pophunzitsa, ndipo akaona wophunzira alikuyasamula ndi kutopa ampatse pokhala. Ozengereza anawafanizira ndi khwangwala, pakuti kulira kwa mbalameyo kumveka ngati liu la Cilatini lotanthauza mawa. Nawacenjeza kuti Mulungu amene analonjeza cikhululukiro kwa wolapa sanalonjeza munthu ali yense tsiku la mawa. Obatizidwa catsopano anawacha makanda, angakhale a imvi, popeza adabadwa kumene mwa Kristu. Asanabvule zobvala zoyera ndi kusanganizika ndi khamu, anawadandaulira kuti asatsanze Akristu oledzera, acigololo ndi ofunsira kwa oombeza, koma asankhe abwino oti awatsate. Anawaphunzitsanso kuti ubatizo ucitika kamodzi, koma zolakwa za tsiku ndi tsiku zitsukidwa m'Pemphero la Ambuye, pamene munthu apempha cikhululukiro nakhululukira mnzace.

MLANDU WA KUBATIZA KAWIRI

Pofika iye ku Hippo, Mpingo wa m'Africa unali utagawanika zaka ngati 80. M'cizunzo ca Kaisara Diocletian, cimene cinayamba m'caka ca 303, abusa ena adapereka mabuku opatulika kwa asilikari kuti atenthedwe. Cizunzo citatha, Caecilian anasankhidwa bishopu wa ku Carthage, koma ena anamkana, nati womuika manja anali wopereka mabuku. Okanawo anadziwika ndi dzina la mtsogoleri wao Donatus. Iwo anaphunzitsa kuti mbusa wodetsedwa sangapatse cimene alibe, ndi kuti ubatizo wocokera m'manja otere uli wacabe. Cotero anabatizanso Mkristu ali yense wakudza kwa iwo. M'midzi yambiri munali mabishopu awiri, ndipo mwamuna ndi mkazi wace anagona m'nyumba imodzi koma osalandira Mgonero pamodzi. Ku Hippo bishopu wina wa mbali ya Donatus adaletsa anthu ace kuochera mkate Akristu a mbali inayo. Mnyamata wina wa mpingo wa Augustine, atadzudzulidwa cifukwa ca kupanda amace, anathawira kwa otsata Donatus, ndipo iwo anambatizanso nambveka zoyera asanalape.

Augustine analemba mabuku 7 a nkhani ya ubatizo ca m'ma 400, nailalikira kawirikawiri. Maziko ace anali umboni wa Yohane Mbatizi pa Yohane 1:33, woonetsa kuti wobatiza weniweni ndiye Kristu. Ubatizo uli wa Kristu. Mbusa angokhala mtumiki. Wogwira nchitoyo angakhale Petro, kapena Paulo, kapena Yudase, Mwini wace wa ubatizo ali mmodzi yemweyo. Mbusa woipa anamfanizira ndi ngalande ya miyala yopititsa madzi kumunda: mwala subala kanthu, koma mbeu za m'munda zimera ndi madziwo. Anaonetsanso kuti cipulumutso cikadatsamira pa kuyera kwa mbusa, palibe Mkristu akadakhala ndi mtendere, popeza munthu saona za mumtima mwa mnzace. Ubatizo womwewo anaufanizira ndi cizindikiro cimene anali kudinda pa thupi la msilikari wa Kaisara. Msilikari akathawa nkhondo cizindikiro cikhalabe, nicimtsutsa; akabwerera nakhululukidwa, samdindanso, angobvomereza cakale cija.

Komatu sanaphunzitsa kuti madzi pa okha apulumutsa munthu. Anakumbutsa anthu za Simoni wamatsenga wa ku Samariya, amene anabatizidwa koma mtima wace sunaongoka, ndi za wacifwamba wa pamtanda amene analandiridwa m'Paradaiso. Kukhala nao ubatizo ndi kwina, kupindula nao ndi kwina, ndipo phindu lace lioneka pamene pali kutembenuka mtima ndi cikondano ca abale.

M'mwezi wa Juni 411 mabishopu oposa 500 a mbali zonse ziwiri anasonkhana ku Carthage pamaso pa Marcellinus, nduna ya Kaisara, ndipo mlandu unagwera otsata Donatus. Pa nkhani imeneyi pali banga pa mbiri ya Augustine. Poyamba anakana kuti munthu akakamizidwe pa za cikhulupiriro, koma pambuyo pace anabvomereza kuti boma lilange otsutsawo, cinkana anapempha oweruza kuti asaphe munthu. Mibadwo ya m'tsogolo inatsamira pa mau acewo pozunza anthu ambiri.

UBATIZO WA ANA

Mlandu wina unauka cifukwa ca Pelagius, wocokera ku Britain, amene anaphunzitsa kuti cimo la Adamu silinaononga cibadwidwe ca anthu, ndi kuti munthu akhoza kusunga malamulo a Mulungu akangofuna. Augustine, amene adadziwa m'thupi mwace kufoka kwa cifuniro ca munthu, anatsutsa ciphunzitsoci kuyambira m'caka ca 412 kufikira imfa yace. Analoza kwa amai othamangira ku kacisi ndi makanda ao, nafunsa cifukwa cimene awatengera kwa Sing'anga ngati alibe nthenda. Anachulanso kuti Akristu a dziko lija olankhula cinenero ca Punic anaucha ubatizo Cipulumutso, ndi Mgonero anaucha Moyo. Kwa iye khanda lobatizidwa linali umboni woonekera wakuti cisomo ca Mulungu citsogolera nchito iri yonse ya munthu, pakuti khanda silinacita kanthu koti lilipidwe nako. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage m'caka ca 418 unatsutsa ciphunzitso ca Pelagius. Koma Augustine anapitirira, nanena kuti ana akufa osabatizidwa salowa mu Ufumu, cinkana cilango cao ciri copepuka koposa ca onse. Pa mau amenewa aphunzitsi ambiri a m'tsogolo sanamtsata, mmodzi wa iwo ndiye John Calvin amene anamlemekeza kwambiri, pakuti anaona kuti cifundo ca Mulungu sicimangidwa ndi madzi.

MASIKU OTSIRIZA

M'caka ca 429 mtundu wa Vandal unaoloka nyanja kucokera ku Spain, nupasula midzi ya Africa. Bishopu wina, dzina lace Honoratus, anafunsa ngati nkuloleka kuti abusa athawe. Augustine anayankha kuti pa nthawi ya zoopsa anthu amathamangira ku kacisi, ena kupempha ubatizo, ena kupempha kubwezedwa mu Mpingo, onse kufuna citonthozo, ndipo tsoka lao likhala lalikuru akapeza mbusa palibe. Iye mwini anakhala ku Hippo, ndipo adani anazinga mzindawo m'caka ca 430. Mwezi wacitatu wa kuzingako anagwidwa ndi malungo.

Possidius, bishopu wa ku Calama, amene anali bwenzi lace zaka ngati 40 nalemba mbiri yace, anasimba kuti Augustine anali kunena kawirikawiri kuti angakhale Mkristu wobatizidwa kapena mbusa wotamandika sayenera kuturuka m'dziko lino wosalapa. Cifukwa cace analamula kuti Masalmo a kulapa alembedwe ndi kupacikidwa pakhoma pandunji pa kama wace, ndipo masiku 10 otsiriza anapempha kuti asalowe munthu koma pa nthawi ya sing'anga ndi ya cakudya. Anawawerenga ndi misozi, namwalira pa 28 Ogasiti 430, ali wa zaka 75. Sanasiya cuma cogawa, ndipo mabuku ace anawasiyira Mpingo.

Mafunso amene Augustine analimbana nao akali m'midzi kufikira lero. Alipo a m'kalasi amene akhala zaka zambiri osalembetsa maina ao, poopa abale kapena pofuna kuti ayambe atha zao. Iwowa akumbukire malungo a ku Roma, pamene munthu amene adalirira ubatizo paubwana sanaufunanso atakula, pakuti mtima wozengereza umauma. Alipo obvutika mumtima popeza mbusa amene anawabatiza anagwa m'cimo; iwowa akhazike mtima pa Kristu, Mwini ubatizo, amene sanagwa. Alipo makolo olekerera ana ao m'zoipa poyesa kuti adzaongoka akakula, ndipo kwa iwo icita umboni misozi ya Monica ya zaka zambiri. Alipo enanso obatizidwa kalekale amene atsamira pa kalata wa ubatizo wosungidwa m'bokosi, moyo wao uli wosasiyana ndi wa akunja. Amenewa alingalire za Masalmo a pakhoma, amene nkhalamba ija inawerenga ndi kulira patapita zaka 43 cibatizidwire.